Kufikira Mutamva Mawu Anga

Germiston, 10 Novembala

Okondedwa amake Tamanda,

Ndayamba ndi moni. Muli tani kumeneko, inu ndi Tamanda ndi mlendo wathu wa m'mimbayo? Ine kuno ndili bwino. Anthu akudandaula kuti kwatentha, koma kwa ife a ku Makhanga kutentha kwa kuno ndi masewera.

Musadabwe kulandira kalata ngati tili m'masiku a makolo athu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi ndikukuimbirani pa watsapu osakupezani. Tsiku loyamba ndinati mwina sola sinatchaje. Lachiwiri ndinati Tamanda wazula chingwe. Lero zodzinamiza zandithera, ndiye ndapempha a Geresomo, aja amayendetsa lole ya katundu kuchokera kuno kukafika ku Bangula, kuti anditengereko pepalali. Iwo mtsinje sawoloka, madzi amawaopa ngati mphaka, choncho akapereka kwa a Ignasio a bwato pa Mtayamoyo. Yankho lanu lidzere njira yomweyo. A Ignasio musawafunse za foni, yawo inagwera mu Shire kalekale, akuti masiku ano imayankhidwa ndi ng'ona.

Taonani kabokosi ka intaneti kaja mundiuze mtundu wa nyali imene ikuyaka. Pukutani fumbi pa sola, muonenso ngati makoswe sanadye chingwe chokwera pamlongoti. Mukudziwa kuti chigwere nsanja ya mafoni chaka cha madzi chija, kabokosi kameneka ndiko khutu lathu, ife pamodzi ndi nyumba zinayi zija zinakana kusamukira kumtunda.

M'thumba muli zitenje ziwiri, sopo, ndi nsapato za Tamanda. Zikamukulira asalire, miyendo imakula. Chitenje kuno chakwera mtengo, ndiye musapatse munthu ayi.

Chinanso. Mbale wanga Sebastiano akamva kuti kabokosi kafa, ayambiranso kuzungulira dimba lathu. Kumbukirani zimene munalumbira pa manda a bambo tsiku lija ndimanyamuka: kuti pamalopo simudzachoka, kaya kubwere kalata, kaya mthenga, kufikira mutamva mawu anga ndi makutu anu. Munthu amene anakubweretserani uthenga wabodza chaka chatha, woti ine ndati musamuke, sangachite manyazi kubwereza. Malo ukangowasiya sabata imodzi, umakapeza wina wabzalamo mbatata.

Ndine mwamuna wanu,
Symon


Germiston, 24 Novembala

Okondedwa amake Tamanda,

Takhuta, zikomo kwambiri, chifukwa cha yankho lanu. Ndasangalala kumva kuti muli bwino, kupatula miyendo yotupayo. Muziikweza pampando, ntchito ya kudimba isakupheni. Ine ndili bwino.

Mwati nyali ikuyaka yofiira. Ndafufuza, vuto si makoswe ayi. Atitsekera ndi eni ake a kampani, pamene ine ndinalipiriratu mpaka mwezi wa Malichi. Ndikufotokozereni mmene ndadziwira, museke nawo.

Nambala yawo yothandizira anthu siimbika munthu ukakhala kunja kwa Malawi. Ndinabwereka foni yaikulu ya Elias, mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, n'kuwalembera uthenga. Anandiyankha si munthu koma makina, aulemu kwambiri, kuposa ine. Ndinati intaneti ya kunyumba kwanga yafa. Makinawo akuti pepani kwambiri, uzani amene ali pafupi ndi kabokosi alowe pa intaneti adzaze fomu ya madandaulo. Ndinati alowa bwanji poti intanetiyo ndi imene yafa? Akuti pepani kwambiri, sitinamvetse funso lanu, kodi mukufuna kugula intaneti yowonjezera?

Tsiku lachitatu ndi pamene kunabwera munthu weniweni. Akuti makasitomala onse anauzidwa kuti atsimikizenso maina awo, ndipo amene sanatero atsekeredwa. Ndinafunsa kuti munandiuza liti? Akuti tinakulemberani imelo. Amake Tamanda, imelo imeneyo anandipangira ndi munthu wa m'sitolo yawo ku Blantyre tsiku lija ndimagula kabokosi, ine sindinaitsegulepo chibadwire. Ndinati chabwino, ndine pano, nditsimikizeni. Akuti tikutumizirani nambala yachinsinsi pa foni imene munalembetsa. Imeneyo ndi nambala yanga yakale ya ku Malawi, inafa nditangotha miyezi itatu kuno. Ndinati tumizani pa nambala ya kuno. Akuti kuti tisinthe nambala, tiyenera kukutumizirani kaye nambala yachinsinsi pa nambala yakaleyo.

Elias anaseka mpaka kugwa pabedi. Ine ndinaseka pang'ono chabe, chifukwa ndinakumbuka kuti mvula ili pafupi.

Musade nkhawa, ndithana nawo. Ntchito kuno ilipo, tikucheka matabwa a mapaleti, aja amasanjikirapo katundu, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, abwana akuti maoda achuluka. Makina ena ndi okalamba koma tikuyenda nawo choncho. Mapira aja musagulitse. Mbuzi yaikazi ija muimangirire pafupi ndi nyumba.

Mumupsompsone Tamanda.

Ndine wanu,
Symon


Germiston, 8 Disembala

Okondedwa amake Tamanda,

Moni kwa inu nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndiliko. Kalata iyi akundilembera ndi Elias chifukwa dzanja langa latopa ndi ntchito, si nkhani yaikulu.

Mvetserani bwino. Anzathu a kwathu amene ali kuno akuti ku mapiri a Mulanje ndi Thyolo mvula yayamba ndi ukali, ndipo a zanyengo akuchenjeza kuti chaka chino ikhala yambiri. Inu mukudziwa kuti ikagwa kumeneko, Ruo sachedwa kutipeza. Masiku anu ndi kumapeto kwa Januwale. Ndaganiza kuti Khirisimasi ikangodutsa mutenge Tamanda, muwoloke ndi a Ignasio, mukakhale kuchidikiro ku chipatala cha tsidya. Dimba lisiyeni. Sebastiano akafuna alime, tidzakambirana madzi akaphwa. Ndikanakonda kukuuzani zimenezi pakamwa, koma kabokosi ndi kameneko.

Za kampani ija, ndafika pena. Ndinawauza kuti mkazi wanga ali pomwepo, lankhulani naye. Akuti salankhula ndi munthu amene si mwini akaunti. Ndinati mwini akauntiyo ndine, lankhulani nane. Akuti sangadziwe kuti ndine. Ndinawatumizira chithunzi cha chitupa changa, ndi china ndili chigwirire chitupacho pafupi ndi nkhope ngati wakuba wogwidwa. Akuti zithunzi salandira. Njira zilipo ziwiri: ndipite ndekha ku ofesi yawo ku Blantyre, kapena ndilembe kalata yokupatsani inu mphamvu, koma ikhale ndi chidindo cha apolisi a kuno.

Inu mukudziwa mmene mapepala anga alili. Munthu ngati ine kupita ndekha ku polisi kukapempha chidindo, ndiye kuti ndakadzipereka. Sabata yatha anatenga anthu asanu ndi atatu pa geti la fakitale ya pafupi nafe, mpaka pano sitikudziwa kumene ali. Ndipo ndikabwera ku Blantyre, njira yobwererera kuno palibe.

Sindinatumize katundu ulendo uno, masiku ena sindinapite kuntchito. Ndidzafotokoza. Konzani chikwama cha kuchipatala chikhale pafupi ndi khomo.

Ndine mwamuna wanu,
Symon


Germiston, 22 Disembala

Jesinta mkazi wanga,

Moni. Ndamva kuti muli bwino ndipo ndathokoza Mulungu. Ine sindili bwino, ndipo lero ndinena zoona.

A Geresomo andipatsa kapepala kanu. Mizere iwiri yokha: "Zolemba izi si za bambo a Tamanda. Amene mwalembanu, Mulungu akukuonani, ine pano sindichoka." Poyamba ndinaseka, ndinati mkazi wanga ndi wochenjera, Sebastiano sangamuthe. Kenako ndinazindikira kuti khomo limene ndinatsekera Sebastiano ndadzitsekera ndekha.

Dzanja silinatope ayi. Pa 29 Novembala makina ochekera anandidya zala ziwiri za kumanja, chamkombaphala ndi chapakati. Ndinabisa poopa kuti mungadzidzimuke muli ndi pakati. Abwana ananditengera kwa dokotala wawo, osati ku chipatala cha boma, mukudziwa chifukwa chake. Bala likupola. Panopa ndikusesa utuchi ndi dzanja limodzi, malipiro atsika, koma sanandichotse. Cholembera sindingagwire. N'chifukwa chake zolembazi ndi za Elias, koma mawuwa ndi anga.

Mukufuna umboni? Tsiku loyamba kuonana, ine ndinagwetsera njinga ndi thumba la mbatata m'madzi potsika bwato, inu munaseka mpaka kukhala pansi, ndipo mpaka lero mumakana kuti simunaseke. Pansi pa bondo lanu lakumanzere pali chipsera cha khasu. Ndipo tinagwirizana awiriwiri, popanda wina womva, kuti mlendoyu akadzakhala wamkazi dzina lake ndi Chikhulupiliro. Sebastiano angazidziwe bwanji zimenezi? Elias yemwe walemba akuyang'ana kumbali ndi manyazi.

Chonde wolokani. Ndikukupemphani, osati kukulamulani. Ndikuopa, Jesinta. Ndikamasesa ndimangoona madzi aja a chaka chija, mmene anafikira pa zenera ife tili pa denga la sukulu. Nthawi ija munali wopepuka, mumatha kukwera. Lero mungakwere bwanji?

Kampani ija ndimailembera tsiku lililonse. Tsiku lililonse amandipatsa munthu watsopano, ndiyambirenso nkhani pachiyambi, ndipo aliyense amamaliza ndi kundifunira tsiku labwino. Dzulo anditumizira uthenga wondifunira Khirisimasi yabwino pa foni ya Elias. Ndiye kuti pofuna kundifunira mafuno abwino akundidziwa, koma pofuna kutsegula kabokosi sakundidziwa.

Pansipa ndadinda chala chachikulu ndi inki. Chimenecho chinatsala.

Ndine ndithu,
Symon


Germiston, 6 Januwale

Jesinta wokondedwa,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale ine sindinachione kulowa kwake. Muli bwanji ndi thupi? Tamanda chifuwa chija chatha? Ine bala lauma.

Kalata yanu ndaimva, Elias wandiwerengera kawiri ndipo kachitatu ndawerenga ndekha. Mwati mwakhulupirira kuti ndine, ndipo munalira chifukwa cha zala zanga. Koma mwati lumbiro munachitira pa manda a bambo linali la mawu a pakamwa, silinatchule za chala chodinda, ndipo mukuopa kuliphwanya muli ndi pakati, kuti tsoka lake lingagwere mwana. Sindingakunyozeni. Amene anakutengerani ku mandako ndine. Ndinkafuna lumbiro lolimba loti munthu asalipeze polowera, ndipo ndinalipezadi.

Lachisanu ndinalankhula ndi mayi wina wa ku kampani ija. Elias anapeza nambala ya ofesi yawo, tinathira mayunitsi a ndalama ya chakudya cha masiku atatu. Mayiyo anali womva. Ndinamuuza zonse, za mimba, za Ruo, za zala. Nditamaliza anati, "Bambo, ine ndikukukhulupirirani ndi mtima wonse, koma malamulo sandilola." Ndinafuna kumukalipira, koma ndinadziletsa, chifukwa ndi zomwezo zimene mwandilembera inu. Iye lamulo lake anamupangira ndi mabwana ake. Lanu ndinapanga ndine.

Tsono tapeza nzeru, ndipo ndikudzitukwana kuti sindinaiganize mu Novembala. Mu envulopu muno muli kakhadi kakang'ono, konga kaja timaikamo nyimbo. Kalowetseni mu wailesi. Mumva mawu anga, ndikutchula dzina lanu, dzina la bambo, ndi kukumasulani. Ndajambula katatu kuti kwina kukakana kwina kulire. Mukangomva, tsiku lomwelo itanani a Ignasio. Mbuzi musavutike nazo.

Mwati nyumba zitatu zasamuka, mwatsala ndi a Flossy okha, ndipo madzi afika kale pa mtengo wa mtondo uja. Mtondo umenewo ndi mapazi angati kuchokera pakhomo, Jesinta? Ine ndawerenga m'mutu, sindikufuna kulemba.

A Geresomo anyamuka mawa m'mawa. Akuti masiku asanu ali ku Bangula.

Ndine mwamuna wanu,
Symon


Germiston, 19 Januwale

Jesinta,

Sindikudziwa ngati kalata ino ikupezeni, kapena ipeza ndani. Ndikupatsira munthu wa basi amene sindikumudziwa, akasiye pa sitolo iliyonse ku Bangula. Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo. Za moyo wanga musafunse.

A Geresomo sanafike. Lole yawo inagwidwa pa chipata cha malire chifukwa cha mapepala a katundu wa munthu wina, akhala pamenepo masiku khumi ndi limodzi. Ndimawaimbira m'mawa ndi madzulo mpaka ayamba kundikwiyira. Akuti kakhadi kali bwinobwino m'thumba la malaya awo. Mawu anga ali m'thumba la malaya a munthu, pa dzuwa, pakati pa malole.

Lachinayi anthu anayamba kutumizirana mavidiyo. Madzi okhaokha, mitengo ikuoneka nsonga zokha, denga la udzu likuyenda lokha ngati bwato. Wina akuti ndi kwa Mlolo, wina akuti ndi kwa Nyachikadza, wina akuti ndi za chaka china. Ndaonera kavidiyo kamodzi mwina ka makumi atatu, kufunafuna mlongoti wathu. Elias walanda foni. Ndaimbira aliyense wa ku Bangula amene nambala yake ndinaipeza. Onse akuti anthu a tsidya ena awoloka, ena ali pa zulu za chiswe, maina sakuwadziwa.

Ndinalemberanso kampani. Sindinapemphe zambiri. Ndinati tsegulani ola limodzi lokha, ndinene mawu awiri, mukatero mutsekenso mpaka kalekale. Makina aja anayankha kuti dandaulo langa analitseka, chifukwa anandiimbira katatu pa nambala imene ndinalembetsa ndipo sindinayankhe. Ndikafuna, nditsegule dandaulo latsopano.

Dzulo ndinafika mpaka pa geti la polisi, kalata yofuna chidindo ili m'manja. Ndinaima tsidya la msewu nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti akanditsekera, ngakhale mutapulumuka mudzaimbira ndani? Ndinabwerera. Kaya ndi nzeru kaya ndi mantha, sindikudziwa, koma ndikudziona wachabechabe.

Ngati mukuwerenga izi muli pakhomo pomwepo, Jesinta, ndikugwadirani, thawani. Bambo anali munthu wokonda ana, sangakwiyire mdzukulu wawo. Dimba ndi dothi chabe. Ndinaliika patsogolo pa inu, ndipo ndinalakwa.

Ambuye akusungeni.
Symon


Germiston, 2 Febuluwale

Okondedwa amake Tamanda, amake Chikhulupiliro,

Moni, moni, moni. Muli tani inu atatu? Ine ndili bwino, lero ndikunena zoona.

Tinalankhula Lachitatu pa foni ya anamwino a ku kampu kumene akusungani, koma mphindi zinayi zinathera kulira, ndipo zimene ndinafuna kunena sindinanene. Muwathokoze anamwinowo m'malo mwanga. Foni italira ndi nambala ya ku Malawi ndinaopa kuyankha, ndinapatsa Elias, ndipo iye atati "ndi mlamu," ndinangokhala pa utuchi.

Mwandiuza kuti madzi atafika pa khonde masana a pa 15 Januwale, munamanga Tamanda kumbuyo kwa a Flossy, inu n'kuyenda m'madzi ofika m'mawondo mpaka ku manda. Mwati munawauza bambo kuti, "Mwana wanu sakumveka, ine ndikupita, mlandu ukhale wanga, usakhale wa mwanayu." Kenako munakwera pa chulu mpaka a Ignasio anakuonani. Ndipo pomaliza munandipepesa kuti munachoka musanamve mawu anga. Jesinta, kupepesa kumeneko kwandipweteka kuposa makina aja. Mukanandimvera mpaka pamapeto, lero bwenzi ndikulembera yani?

Mwati mwanayo ndi wamng'ono koma akuyamwa mwamphamvu. Muzimufunditsa, mu tenti mumalowa mphepo. Ndatumiza bulangete, matewera ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro. Mwati dimba lonse lakwiriridwa ndi mchenga, ndipo Sebastiano ali tenti yachitatu kuchokera pa yanu, akupempha mchere. Mpatseni.

Tsono imvani izi. Kampani ija yanditumizira uthenga. Akuti poona kuti makasitomala ambiri a kuchigwa analephera kutsimikiza maina awo, atsegulira onse kwa mwezi umodzi, ndipo intaneti yathu ikugwira ntchito kuyambira pa 17 Januwale. Mwati mlongoti unagwa pa 15. Kabokosi kathu panopa mwina kadutsa kale ku Marka, kakulowera ku Zambezi, kali kotsegula bwinobwino. Akundipemphanso ndiwapatse nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Elias akuti tiwafunse ngati angatitumizire kaye nambala yachinsinsi kuti titsimikize kuti ndi iwo.

Mukapeza mphamvu, a boma akabwera pa kampu kudzalemba amene zitupa zawo zinapita ndi madzi, mukalembetse. Chitupa chikatuluka mugule nambala ya foni m'dzina lanu. Chilichonse chimene tidzagule kutsogoloku, kaya kabokosi, kaya malo kumtunda, chidzalembedwe Jesinta, chifukwa amene amakhala pamene pali madzi ndinu.

A Geresomo awamasula, afika ndi kakhadi kaja sabata ino. Mukafuna kamvereni, museke mwamuna wanu akupereka chilolezo kwa munthu amene anawoloka kale. Koma mawu amene ndikufuna musunge ndi awa, ndipo ndidzawanenanso pakamwa, ndi pa manda a bambo ndikadzabwera: madzi akadzabweranso, musadzadikire mawu a munthu aliyense, ngakhale anga.

Kalata ino ndalemba ndekha ndi dzanja lamanzere, yanditengera masiku atatu, ndipo zilembo zake zikuoneka ngati mwadutsa nkhuku. Mukakayika kuti si ine, musavutike nazo. Bwerekani foni mundiimbire, ndiyankha.

Ndine mwamuna wanu,
Symon